Kumene Nyanja Imalowa M'thanthwe

Galimoto yokumba mijigo inafika ku Mabvuku, mumzinda wa Harare, m'mamawa, koma pomwe dzuwa linkapendeka n'kuti atatsika mamita 60 osaona ngakhale chinyezi. Kompulesa inkangolavula fumbi loyera. Mwini nyumba anakhala pa mulu wa njerwa dzanja lili patsaya. Chomwe chinkamudya mtima chinali kuseri kwa mpanda wake, pomwe mjigo wa aneba, wosatalikira mamita 30, unkathira madzi osaleka, anthu ali pamzere ndi zigubu.

Mwa oonerera munali gogo wina wakwathu, wobadwira ku Dedza, amene mphamvu zake zonse anazithera m'migodi ya ku Shamva. Anatapa fumbi lija, kulitikita m'zala, n'kunena kuti, "Mwanangu, musamukalipire wokumbayu. Pansipa palibe dziwe ayi. Ife kumgodi tinkaona ndi maso athu. Khoma lonse louma gwa, koma kamng'alu kamodzi kosalowa n'chala komwe kakuthira madzi usana ndi usiku. Mukakaphonya ndi phazi limodzi, mwaphonya basi."

Mawu amenewa sandichoka m'mutu. Ife a ntchito ya madzi a pansi pa nthaka timatha malovu kufotokozera eni nyumba chinthu chomwechi, koma gogoyu anachinena kamodzi anthu n'kugwedeza mitu. Ndipo zomwe ananenazo sizithera ku Mabvuku. Malo aakulu koposa onse kumene madzi amayenda m'ming'alu ya thanthwe ali pansi pa nyanja zamchere, kunsi kwa madzi akuya makilomita 3 kapena 4. Kumeneko nyanja imalowa m'thanthwe, kuyendamo, n'kukatuluka kwina itasinthiratu.

## Thanthwe lake

Pakati pa nyanja zikuluzikulu pali mtandadza wa mapiri wotalika makilomita pafupifupi 65,000. Pamsana pa mtandadzawu ndi pomwe pansi pa nyanja pamang'ambika, mbali ziwirizo n'kumatalikirana: ku Atlantic masentimita 2 kapena 3 pachaka, kum'mawa kwa Pacific oposa 10. Chiphalaphala chimakwera kudzaza mpatawo, n'kuuma kukhala thanthwe latsopano lochindikala makilomita 6 mpaka 7.

Gawo lomwe likutikhudza kwambiri ndi lapamwamba, mamita mazana angapo oyambirira. Chiphalaphala cha madigiri pafupifupi 1,200 chikatulukira m'madzi a madigiri 2, kunja kwake kumauma nthawi yomweyo mkati mukadali moto. Chimaboola khungu lija, kutumphuka, kuumanso, mpaka pamakhala zibulumwa za mwala wakuda wotchedwa basalt, zosanjikizana zooneka ngati mapilo. Pozizira zimanyala n'kung'aluka kuchokera kunja kulowa pakati. Pakati pa chibulumwa ndi chinzake pamatsala mpata, pena zidutswa zophwanyika, pena mphanga momwe chiphalaphala chinadutsa n'kusiya pobowoka. M'thanthwe longobadwa kumene, mipata yotere imatha kufika 10 peresenti kapena kuposa.

Kunsi kwake kuli mizere yoimirira, njira zomwe chiphalaphala chinkakwerera, zopanikizana kwambiri, ming'alu yake yochepa ndi yopyapyala. Kunsi kwa iyo kuli mwala wotchedwa gabbro, umene unazizira pang'onopang'ono n'kulimba zedi.

Pamwamba pa zonsezi pamagwa matope, tizigoba ta tizamoyo takufa ndi fumbi lochokera kumtunda. Kutali ndi gombe amaunjikana mamilimita kapena masentimita ochepa pa zaka 1,000. Matopewa ndi onyowa, koma salola madzi kudutsa. Amene anakumbapo chitsime m'dambo la dongo akudziwa: dongo lanyowa, koma madzi likuumira. Ndiye pansi pa nyanja zinthu n'zotembenuka. Chofewa cha pamwamba ndicho chimatseka, cholimba cha pansi ndicho chimayendetsa madzi.

## Kutentha komwe kunkasowa

Madzi amenewa anthu anawadziwa asanawaone. Akatswiri ankazika m'matope a pansi pa nyanja ndodo zachitsulo zokhala ndi zoyezera kutentha, pofuna kudziwa kuchuluka kwa kutentha kotuluka m'dziko. Masamu ankanena kuti pafupi ndi mtandadza, pomwe thanthwe ndi latsopano, payenera kutuluka kutentha kochuluka. Zoyezera zinkapeza kochepa kwambiri, komanso kosiyanasiyana: apa kwakwera, makilomita awiri patsogolo kwatsika. Mu 1972 Clive Lister ananena kuti kutentha kosowako akunyamula ndi madzi oyenda m'thanthwe, ndipo penapake payenera kukhala akasupe.

Mu February 1977 kasitima koyenda pansi pa madzi kotchedwa Alvin kanatsika mamita pafupifupi 2,500 ku Galápagos Rift, kum'mawa kwa Pacific, muli Jack Corliss ndi anzake. Anapeza madzi ofunda, osafika n'madigiri 20 omwe, akutuluka m'ming'alu ya basalt. Chomwe sankayembekezera ndi zamoyo: nkhanu, nkhono zazikulu, nyongolotsi za mitu yofiira zokhala m'timapaipi toyera. Paulendowo panalibe katswiri wa zamoyo ndi mmodzi yemwe, poti palibe ankaganiza kuti angafunike. Mu 1979, ku East Pacific Rise kufupi ndi Mexico, Alvin yemweyo anapeza machumuni olavula madzi akuda bii. Atalowetsa choyezera kutentha, pulasitiki yake inasungunuka. Atayeza ndi zida zolimba anapeza madigiri pafupifupi 350.

## Ulendo wa pamsana pa mtandadza

Wina afunsa: madzi a madigiri 350 osawira bwanji? Kuno ku Harare, poti tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ketulo imawira pa madigiri 95. Mpweya wopanikiza pamwamba pa madzi ukachepa amawira msanga, ukachuluka amachedwa. M'nyanja, mamita 10 aliwonse amawonjezera kupanikiza kofanana ndi kwa mpweya wonse uli pamwamba pathu. Pa mamita 2,500 kupanikizako kwachuluka ka 250, ndiye madzi amatha kupitirira madigiri 350 akadali madzi. Ku Beebe, m'nyanja ya Caribbean, akasupe ali pa mamita pafupifupi 5,000 ndipo amafika madigiri 400.

Ulendo wake umayamba ndi madzi ozizira kulowa m'ming'alu pamalo otakasuka, pang'onopang'ono. Akamatsika amatenthera. Okosijeni amayamba kutha, poti amadyedwa ndi chitsulo cha mu basalt. Akafika madigiri 150, calcium ndi sulfate wa m'madzi amagwirana kukhala mwala woyera wotchedwa anhydrite, umene umamata m'ming'alu. Mwala umenewu ndi wachilendo, chifukwa umauma madzi akatentha n'kusungunuka akazizira. Magnesium nayenso amalowa m'miyala yatsopano yonga dongo, ndipo polowa pamenepo amasiya asidi m'madzi. Kusinthaku n'kodalirika kwambiri moti akatswiri akatunga madzi pachumuni amayamba ndi kuyeza magnesium. Madzi enieni a m'thanthwe lotentha alibe magnesium. Akapezeka, ndiye kuti botolo lamwako madzi a m'nyanja, ndipo kuchuluka kwake kumawauza kuti lamwa ochuluka bwanji.

Ku East Pacific Rise chiphalaphala chili kilomita imodzi kapena ziwiri zokha kunsi kwa pansi pa nyanja. Madzi akafika pamwamba pake amakhala otentha madigiri 400, a asidi, ndipo amasungunula chitsulo, mkuwa, zinki ndi sulufule m'thanthwe. Apa amakhala atapepuka, kulemera kwake kuli pafupifupi magawo awiri mwa atatu a madzi ozizira. Madzi ozizira olemera a m'mbali amawakankhira m'mwamba, ndipo amakwera mothamanga m'njira zopapatiza.

Akangokumana ndi nyanja ya madigiri 2, zitsulo zija zimagwirana ndi sulufule kukhala timiyala takuda tosalala. Umenewo ndiwo amautcha utsi, ngakhale palibe chikuyaka. Chumuni chimayamba ndi khoma la anhydrite, chimatha kukula masentimita 30 patsiku chikadali chatsopano, kenako mkati mumamata miyala ya mkuwa, kunja ya zinki ndi chitsulo. Machumuni amagwa, ena n'kumera pamwamba pake. Pamalo otchedwa TAG, pakati pa Atlantic, mulu wotere ndi wotambalala mamita 200, wotalika mamita 50, muli miyala ya sulufule matani pafupifupi 4 miliyoni. Mkuwa womwe anthu akhala akukumba ku Cyprus kuyambira makedzana unapangidwa motere, thanthwe la pansi pa nyanja n'kudzakankhidwira kumtunda pambuyo pake.

## Kumbali, kumene madzi ambiri amadutsa

Machumuni ndiwo amaoneka pa TV, koma kwa ine nkhani yaikulu ili kwina. Carol Stein ndi Seth Stein anawerengera mu 1994 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la kutentha kotuluka pansi pa nyanja limanyamulidwa ndi madzi, ndipo kochuluka mwa iko sikutulukira pamsana pa mtandadza ayi, koma m'mbali mwake, m'thanthwe la zaka zoposa miliyoni imodzi. Kumeneko madzi ndi ofunda chabe, madigiri 5, 20, pena 60. Kuti madzi ofunda chabe anyamule kutentha kochuluka chotero, ayenera kukhala ambiri zedi. Akatswiri amawerengera kuti madzi odutsa m'mbalimu pachaka akufanana ndi a mitsinje yonse ya padziko yothira m'nyanja, Zambezi ndi Congo ndi Amazon pamodzi ndi ina yonse.

Koma ngati matope atseka pamwamba, madziwo alowera pati? Yankho lomveka bwino linapezeka kum'mawa kwa Juan de Fuca Ridge, chigawo cha mtandadza uja chomwe chili kufupi ndi gombe la Canada ndi America. Kumeneko thanthwe la zaka 3.5 miliyoni linakwiriridwa ndi matope ochindikala mamita mazana angapo, ochokera kumtunda. Timapiri tochepa tokha ndito tinatsala mitu ili kunja. Lina, Grizzly Bare, ndi lalikulu, lotalika mamita pafupifupi 450 pamwamba pa matope. Lina, Baby Bare, ndi kakang'ono, mamita 65 okha, ndipo kali makilomita 52 kumpoto kwake. Andrew Fisher ndi anzake atayeza kutentha mozungulira mapiri awiriwa anapeza kuti m'mphepete mwa Grizzly Bare thanthwe ndi lozizira kuposa momwe liyenera kukhalira, pomwe m'mphepete mwa Baby Bare ndi lotentha. Mu 2003 analengeza tanthauzo lake: nyanja ikulowa pa phiri lalikulu, kuyenda pansi pa matope makilomita 52, n'kukatuluka pa laling'ono.

Chimawakankha n'chiyani popanda pampu? Zimafanana ndi paipi yomwe timakokera madzi mudiramu: ukangoyamwa kamodzi, kusiyana kwa kulemera kwa mbali ziwirizo kumapitiriza kokha. M'phiri lolowera muli madzi a madigiri 2, olemera. Akamayenda pansi pa matope, omwe amasunga kutentha, amafika madigiri pafupifupi 64. M'phiri lotulukira ndiye muli madzi ofunda, opepukirapo ndi pafupifupi 2 peresenti. Mbali yolemera imatsika, yopepuka imakwera, ndipo kutentha kwa dziko kumasunga kusiyanako.

Apa ndi pofunika kuima pang'ono. Kusiyana kwa 2 peresenti pa msinkhu wa mamita mazana ochepa kumapereka mphamvu yofanana ndi ya madzi otalika mamita ochepa chabe. Mphamvu yochepa chonchi kukankha madzi makilomita 52 n'zosatheka ngati madziwo akupanikizika m'timabowo ta thanthwe lonse. Zimatheka pokhapokha ngati pali njira zingapo zotseguka bwino, zolumikizana kuyambira kuno mpaka uko. Mu 2010 anaziyesa. Anapopera madzi osakaniza ndi gasi wotchedwa SF6 m'chitsime chimodzi kwa maola 24, n'kudikira m'zitsime zina zomwe zili pa mtunda wa mamita mazana angapo. Gasiyo anakafika, akuyenda mamita ochepa patsiku, ndipo masamu anaonetsa kuti madzi othamangawo akudutsa m'kagawo kosakwana 1 peresenti ya thanthwe. Kwina konseko madzi angokhala, kapena akukwawa.

Ku Dorado, kaphiri ka pansi pa nyanja kufupi ndi Costa Rica, madzi amadutsa mwachangu, ndiye amatuluka ali pa madigiri pafupifupi 12, okosijeni asanathe n'komwe. Pa ming'alu yomwe amatulukirayo, mamita 3,000 pansi, ma octopus aakazi amaikira mazira n'kuwafungatira. M'thanthwe momwemonso muli moyo. Ku North Pond, pakati pa Atlantic, komwe anakumba mu 2011, anapeza madzi ozizira okhala ndi okosijeni akuyenda mu basalt, muli mabakiteriya.

## Chitsime chomwe chinkameza nyanja

Kukumba pansi pa nyanja kumayamba ndi kutsitsa chitsulo chachikulu chonga fanulo, kuti paipi ikatulutsidwa kukasintha nsonga yoboolera ithe kupezanso dzenje lomwelo. Kenako amalowetsa casing, paipi yotchinga khoma la dzenje, kudutsa matope onse mpaka kuluma thanthwe, n'kuthira simenti kunja kwake. Pofuna kuyeza momwe gawo lina limayendetsera madzi, amatsitsa chibaluni cha labala, kuchifufumitsa kuti chitseke dzenje, n'kupopera madzi kunsi kwake pa liwiro lodziwika akuyang'ana pulesha. Ikakwera msanga, thanthwe ndi lotseka. Ikangokhala pomwepo, pali mng'alu womwe ukumwa.

Chitsime chotchuka ndi 504B, kum'mawa kwa Pacific, kumwera kwa Costa Rica. Anachiyamba mu 1979 ndi sitima ya Glomar Challenger, n'kumabwererako mpaka 1993 pomwe sitima ina, JOIDES Resolution, inachifikitsa mamita 2,111. Atangoboola matope a mamita pafupifupi 275, chitsimecho chinayamba kumeza nyanja, malita masauzande angapo pa ola, ndipo chinapitiriza kwa zaka. Chifukwa chake n'chosavuta. Pokumba, dzenje limadzaza madzi ozizira, olemera kuposa madzi ofunda a m'thanthwe. Amatsika n'kulowa m'ming'alu, ena ozizira n'kubwera pambuyo pake, ndiye dzenje silipeza mpata wofunda. Madzi onsewo ankalowa m'mamita 100 kapena 200 oyambirira a basalt. Kutsika kuposa pamenepo thanthwe linkayendetsa madzi ochepa kwambiri.

Mavuto enanso anali a kutentha. Kuthira madzi ozizira pa thanthwe lotentha kumaling'alula, zidutswa n'kumagwera m'dzenje, kumanga paipi ndi kuthyola nsonga. 504B anachisiya zitsulo zitakanirira pansi.

Chitsime chomwe chikumeza nyanja sichingakuuze zoona za madzi a m'thanthwe, chifukwa zomwe ukuyezazo ndi madzi omwe walowetsa wekha. N'chifukwa chake Earl Davis, Keir Becker ndi anzawo anapanga chotsekera chotchedwa CORK, choyamba anachiika mu 1991. Chimatseka pakamwa pa chitsime, mkati mutapachikidwa chingwe cha zoyezera kutentha ndi pulesha. Mumakhalanso kapampu kopanda batire, koyendera mchere wokoka madzi kudutsa kansalu kopyapyala. Kamayamwa madzi dontho ndi dontho kulowetsa m'kapaipi kowonda kotalika mamita mazana, kokulungidwa. Pakapita zaka amakatulutsa, kukadula nthulinthuli, nthuli iliyonse n'kukhala madzi a masiku ake. Chitsime chikatsekedwa bwino chimabwerera mwakale pang'onopang'ono, mpaka zoyezera zimamva kukwera ndi kutsika kwa nyanja tsiku lililonse, ngakhalenso zivomerezi zakutali.

Chikapanda kutsekeka zimaonekanso. Zitsime za pa Site 1301 ku Juan de Fuca, zokumbidwa mu 2004, sizinatsekeke bwino kunja kwa casing, ndipo madzi ozizira anapitiriza kutsikira pamenepo. Chitsime china chomwe chili makilomita 2.4 kuchokera apo chinaonetsa pulesha ikukwera chifukwa cha kudonthako. Mpata wa masentimita ochepa kunja kwa paipi unamveka makilomita awiri ndi theka.

## Simenti ya pakamwa pa mjigo

Nkhani imeneyi ndimaitenga ngati yathu. Kum'mawa ndi kumwera kwa Harare, ku Mabvuku, Epworth mpaka Chitungwiza, pansi pali granite. Pamwamba pake pali dothi ndi thanthwe lofumbwa, mamita 10, 20, pena 30, momwe zitsime zokumba pamanja zimatunga. Mjigo umadutsa pamenepo kukafuna ming'alu ya m'thanthwe lolimba. Dzenje limakhala lalikulu kuposa casing ya mamilimita 140 yomwe ambiri amaika, ndiye kuzungulira paipi pamatsala mpata. Kunsi timathiramo timiyala tosefa madzi. Mamita angapo apamwamba ayenera kudzazidwa ndi simenti yamadzimadzi, yothiridwa kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti isasiye mphako, kenako konkire yotsetsereka kuzungulira pakamwa.

Gawo limeneli ndilo limadumphidwa ndalama zikachepa, poti silioneka. Ena amangobwezera fumbi la pokumba lija m'mpatamo. Zikatero madzi a pamwamba, omwe asakanikira ndi suweji yophulika ndi zimbudzi zokumba, amatsetsereka kunja kwa paipi mpaka kukalowa mumng'alu. Dothi limasefa, mng'alu susefa. Lamulo loti chimbudzi chitalikire mamita 30 limathandiza pomwe madzi akudutsa m'dothi, koma zonyansa zikalowa mumng'alu zimatha kupita kutali kuposa apo, kukatulukira pa mjigo wa munthu amene anatseka wake bwinobwino. Kolera atabuka ku Glen View ndi Budiriro mu September 2018, mijigo ina inapezeka ndi tizilombo ndipo inatsekedwa. Amene mukukumbitsa, khalani pomwepo pothira simenti, muwerenge matumba, mufunse kuti yatsika mamita angati.

## Njira zikatsekeka

Thanthwe la pansi pa nyanja likamakalamba limatalikira mtandadza n'kumazizira. Matope amachindikala mpaka kukwirira timapiri tomwe tinali makomo. M'ming'alu mumamera dongo, zeolite ndi calcite, zomwe madzi omwewo anasiya podutsa. Pofika zaka pafupifupi 65 miliyoni, kutentha koyezedwa m'matope kumafanana ndi kwa masamu, kusonyeza kuti madzi asiya kunyamula kochuluka.

Ena mwa madziwo satulukanso, amamangika m'kati mwa miyala yatsopanoyo. Izi zimachitika kwambiri pomwe madzi afika pa peridotite, thanthwe la kunsi kwenikweni, n'kulisandutsa serpentine. Posinthapo pamatuluka gasi wa hydrogen. Ku Lost City, komwe kunapezeka mu 2000 ku Atlantic, madzi otere amatuluka pa madigiri 40 mpaka 90 n'kumanga nsanja zoyera za laimu, yaitali koposa ya mamita 60. Thanthwe lonyamula madzi chonchi likafika pomwe pansi pa nyanja pamamira kunsi kwa mtunda, monga ku Japan, Indonesia ndi Chile, limatsika nawo. Pa kuya kwa makilomita pafupifupi 100 kutentha kumawafinya madziwo, amakwera, n'kuchititsa thanthwe la pamwamba pake kusungunuka. Mapiri ophulika a maiko amenewo nthunzi yawo ina inali nyanja.

Zimbabwe alibe gombe, koma zizindikiro zake zilipo. Ku Mberengwa, m'miyala ya zaka pafupifupi 2.7 biliyoni, muli zibulumwa za basalt zija zomwe zinatulukira pansi pa madzi. Pozifuna yang'anani pathanthwe losalala la mumtsinje nthawi ya chilimwe, mulithire madzi kuti mizere ioneke. Chibulumwa chilichonse chili ndi mkombero wakuda wopyapyala, pamwamba pake n'pozungulira, pansi pake pali kansonga kolowa pakati pa ziwiri za kunsi, ndipo kansongako ndi komwe kamakuuzani mbali yomwe inali pansi ngakhale thanthwe litapendekeka. M'mipata ya pakati pa zibulumwazo mupeza quartz kapena calcite woyera, ndipo basalt yemwe anali wakuda wasanduka wobiriwira chifukwa cha chlorite ndi epidote, miyala yomwe imamera thanthwe likaphikidwa muli madzi.